Taimutebulo ili ndi maola 15 okha, nanga sabata ya wophunzira wa pa yunivesite imathera kuti?

Semesita ikangoyamba pamabwera funso limodzi kuchokera kwa makolo, ngakhalenso kwa ophunzira a chaka choyamba eni akewo. Munthu wachoka ku sekondale kumene belu ndilo linkamuuza poyambira ndi polekezera. Wafika pa yunivesite, wapatsidwa taimutebulo, ndipo akuona mipata yokhayokha: Lolemba makalasi awiri, Lachitatu imodzi, Lachisanu masana palibe kanthu. Akawonkhetsa akupeza maola 15, mwina 18, pa sabata. Kholo likaona pepala limeneli limati mwanayu nthawi ali nayo yambiri. Mwanayo nayenso amaganiza choncho, mpaka sabata ya 7, pamene amapezeka akugona 3 koloko usiku, ntchito zitatu zili zosamaliza, ndipo mwina alibe ngakhale munthu mmodzi woti n'kumuuza kuti madzi afika m'khosi.

Chosokoneza n'chakuti taimutebulo imaonetsa kagawo kochepa ka ntchito. Kuwerenga, kugona, kupeza anzako ndi kusamala ndalama zimachitika m'maola amene sanalembedwe paliponse, ndipo wowakonza ndi wophunzira yekha.

## Kirediti: ntchito imene sioneka pa taimutebulo

Kosi iliyonse imakhala ndi makirediti. Kirediti ndi muyeso wa ntchito yonse imene wophunzira akuyembekezeka kugwira pa kosiyo, ya m'kalasi ndi ya payekha yomwe. Mayiko amawerengera mosiyana, koma mukachita masamu a pa sabata mumafika pafupifupi pamalo amodzi.

Ku United States, kirediti imodzi ndi ola limodzi m'kalasi kuphatikiza maola osachepera 2 a ntchito ya payekha, sabata iliyonse, kwa masabata pafupifupi 15. Wotenga makirediti 15 amakhala m'kalasi maola 15, ndipo ena 30 akumudikira panja, onse pamodzi 45. Mayunivesite ambiri a ku Ulaya amatsata njira yotchedwa ECTS, imene imapereka makirediti 60 pa chaka, iliyonse ikuimira maola 25 mpaka 30, kutanthauza maola 1,500 mpaka 1,800 pa chaka. Ku Britain ndi ku South Africa kirediti ndi maola 10 ndipo chaka chimakhala ndi makirediti 120. Maola 1,200 amenewa mukawagawa m'masabata 30 mupeza 40 pa sabata.

Ndiye kuti makosi amakonzedwa poganiza kuti wophunzira ali ngati munthu wolembedwa ntchito ya tsiku lonse, kungoti womuyang'anira amamuona gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawiyo. Lekicha, yomwe ndi kalasi yaikulu imene mphunzitsi amalankhula kwa anthu makumi kapena mazana, ntchito yake ndi kulozera njira: mfundo zikuluzikulu ndi izi, povuta ndi apa, kawerengeni mitu iyi. Tutoriyo ndi kagulu kochepa kokambirana mafunso amene aliyense amayenera kubwera atayesa kale. Wobwera asanayese amangokopera mayankho pa bolodi n'kutuluka akuganiza kuti wamva, chonsecho wangoonerera anzake akuganiza.

Kodi ophunzira amakwanitsadi maola amenewa? Ambiri ayi. Philip Babcock ndi Mindy Marks, akatswiri a zachuma, atafanizira kafukufuku wa zaka zosiyanasiyana ku United States, anapeza kuti mu 1961 wophunzira ankawerenga payekha maola pafupifupi 24 pa sabata, koma pofika 2003 anali atatsika kufika pa 14. Chifukwa chake anthu amatsutsana. Ena amati mayunivesite anafewetsa zofuna zawo, ena amaloza maganyu amene ophunzira amagwira, ena amati kompyuta inafupikitsa ntchito zina. Koma muyeso umene makosi amakonzedwera ndi womwe uja.

## Maola 168

Sabata ili ndi maola 168. Tichotsepo tulo ta maola 8 usiku uliwonse, omwe ndi 56, patsala 112. Tichotsepo maola 42 a maphunziro, 15 a m'kalasi ndi 27 a payekha, patsala 70. Kusamba, kudya, kuchapa, kuyenda ndi kuima pamzere tiyerekeze kuti zimatenga maola 3 patsiku, omwe ndi 21, patsala 49. Amenewa ndi maola 7 patsiku a macheza, masewera, mapemphero, kuimba foni kunyumba kapena kungopuma. Papepala nthawi ikukwana. Koma wokhala kutali, amene amathera ola limodzi popita ndi lina pobwerera, wachotsapo kale 10. Wogwira ganyu ya maola 15 watsala ndi ochepa kwambiri, ndipo sabata yake siingafanane ndi ya mnzake wa m'hositelo ngakhale amakhala benchi limodzi m'kalasi.

Vuto lalikulu lili pa mmene maolawa amabwerera. Sabwera ali mtolo umodzi, amabwera ali tizidutswa. Taonani mpata wa pakati pa kalasi yotha 10 koloko ndi yoyamba 12 koloko. Mphindi 15 zathera pakhomo kulonjerana ndi kudandaula za lekicha. Mphindi 10 kuyenda. Wakhala pansi, watulutsa foni kuti aone uthenga umodzi, pokweza mutu papita mphindi 30. Wayamba kufufuza choti awerenge, watsegula notsi za kosi iyi, watseka, watsegula za ina. Poyang'ana nthawi kwatsala mphindi 40, ndipo mumtima akuti zachepa, ndiwerenga bwino madzulo. Mipata iwiri yotere patsiku, masiku 5, ndi maola 20 pa sabata, gawo lalikulu la maola 27 aja. Akatayika masana amakafunidwa usiku, ndipo wolipira ngongoleyo ndi tulo kapena macheza.

Amene amapindula ndi mipata imeneyi kawirikawiri sakhala olimba mtima kuposa anzawo. Amangokhala atasankhiratu zinthu ziwiri dzulo lake: malo ndi ntchito. Kunena kuti "mawa ndiwerenga" sikuthandiza, chifukwa ukafika uyenera kuyambanso kusankha. Kunena kuti "Lachiwiri 10 koloko, tebulo la kuseri mu laibulale, mafunso 4 oyamba a tutoriyo" kumathandiza, chifukwa ukakhala pansi chotsala n'kutsegula kope basi.

## Semesita siyenda liwiro limodzi

Masabata atatu oyamba amapusitsa. Palibe choti upereke, aphunzitsi akungoyala maziko. Koma mphunzitsi sangayese zimene sanaphunzitse, choncho aliyense payekha amaika mayeso ang'onoang'ono ndi maasayimenti chapakati ndi chakumapeto kwa semesita. Makosi 5, iliyonse ndi ntchito zitatu, ndi masiku 15 opereka ntchito, ndipo ambiri amaunjikana m'masabata ochepa omwewo.

Pamwamba pa izi, munthu amachepetsa nthawi imene ntchito idzamutengere. Mu kafukufuku wa mu 1994 ku Canada, Roger Buehler, Dale Griffin ndi Michael Ross anafunsa ophunzira a chaka chomaliza masiku amene adzatenge kuti amalize pepala lawo lalikulu la kafukufuku. Avereji ya mayankho inali masiku 33.9. Atafunsidwa kuti nanga zonse zitavuta kotheratu, anati 48.6. Anatenga masiku 55.5. Ngakhale poganizira zoipitsitsa anachepetsabe. Pokonza dongosolo munthu amaona ntchito yokhayo. Saona chimfine, kompyuta yozima, buku limene wina wabwereka kale, kapena ndime imene ikukana kulembeka. Funso limene limapereka yankho loona ndi lakuti: ntchito yonga iyi inanditengera masiku angati ulendo wathawu?

Chinanso chimene a chaka choyamba amachizindikira mochedwa ndi kosiweki, malikisi amene amasonkhanitsidwa m'kati mwa semesita kuchokera ku maasayimenti ndi mayeso ang'onoang'ono. Tiyerekeze kosi imene kosiweki ndi malikisi 40, mayeso omaliza 60, ndipo kukhoza ndi 50. Wolowa m'mayeso ali ndi 28 akufunika 22 pa 60, omwe ndi 37 peresenti. Wolowa ali ndi 12, chifukwa asayimenti ina sanapereke ndipo ina anailemba usiku umodzi, akufunika 38 pa 60, omwe ndi 63 peresenti. Pepala la mayeso ndi limodzi, koma awiriwa sakukwera phiri lofanana. Makosi ena salola n'komwe kulemba mayeso omaliza ngati kosiweki kapena masiku opezeka m'kalasi sanafike mlingo woikidwa.

Ntchito ya mphindi 30 m'sabata yoyamba imapulumutsa zambiri apa. Sonkhanitsani mapepala ofotokoza makosi onse, mulembe pa pepala limodzi masiku onse opereka ntchito pamodzi ndi malikisi ake. Pamene paunjikana paonekera pomwepo, ndipo ntchito imodzi mwa izo iyambidwe masabata awiri msanga, nthawi ya bata ija isanathe.

## Kuwerenga kochezera usiku

Hermann Ebbinghaus anaonetsa mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyamba, ndiponso kuti kubwereza motalikanitsa masiku kumasunga zambiri kuposa kubwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Mbande imafuna madzi pang'ono tsiku ndi tsiku. Kuithira ndowa khumi tsiku limodzi sikubweza masiku amene inauma.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira ndime yoti aphunzire. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anaiwerenga nthawi imodzi kenako n'kumayesa kulemba zimene akukumbuka. Patapita mphindi 5, owerenga mobwereza ndiwo anapambana, 83 peresenti kwa 71. Patapita sabata imodzi zinatembenuka: odziyesa anakumbuka 61 peresenti, owerenga mobwereza 40. Apa ndi pamene msampha uli. Kuwerenganso notsi kumakoma chifukwa chilichonse chikuoneka chodziwika, pamene kutseka kope n'kudzifunsa kumawawa chifukwa kumaulula mipata. Anthu awiri kapena atatu ofunsana mafunso kope lili lotseka amachita zimenezi mosavuta, ndipo n'chifukwa chake kagulu kowerengera limodzi kamathandiza ngati kakufunsanadi, osati kungokhala tebulo limodzi aliyense ali pa foni.

## Ubwenzi umapangika bwanji?

Ophunzira ambiri amafika akuganiza kuti mabwenzi amapezeka mwa mwayi, kapena kuti ndi mphatso ya anthu omasuka pakamwa. Kafukufuku amaloza ku zinthu ziwiri zosavuta kuziwerenga: mtunda ndi maola.

Mu 1950, Leon Festinger, Stanley Schachter ndi Kurt Back anasindikiza zimene anapeza m'nyumba za ophunzira apabanja a pa yunivesite ya MIT, ku United States. Anthuwa sankasankha oyandikana nawo, ankangopatsidwa nyumba imene yatseguka. Atafunsidwa za anzawo apamtima, mwa oyandikana khomo ndi khomo 41 pa 100 alionse anali mabwenzi, mwa otalikirana makomo awiri 22, ndipo mwa okhala kumapeto awiri a khonde lomwelo 10 okha. Okhala pafupi ndi masitepe anali ndi anzawo ambiri a m'nyumba za pamwamba, chifukwa anthu ankadutsa pakhomo pawo tsiku lililonse. Masitepe ndi makomo ndiwo ankasankhira anthu mabwenzi. Kanjira ka m'tchire kamapangika chimodzimodzi: palibe wokalambula, mapazi amangoponda malo amodzimodzi mpaka udzu utagonja.

Za maola, Jeffrey Hall wa ku University of Kansas anawerengera mu kafukufuku wa mu 2018, amene mbali ina anachita pa ophunzira a chaka choyamba. Kuti munthu wongodziwana naye akhale mnzako wocheza naye pamafunika maola pafupifupi 50 muli limodzi. Kuti akhale bwenzi, pafupifupi 90. Kuti akhale wa ponda apa m'pondepo, oposa 200. Anapezanso kuti maola ongokhala limodzi chifukwa cha ntchito kapena kalasi salemera ngati maola ocheza, kuseka ndi kuuzana za moyo.

Tiike manambala amenewa pa semesita ya masabata 15. Kalabu yokumana maola 2 pa sabata imapereka maola 30 pa semesita, ndiye maola 50 aja adzakwana m'semesita yachiwiri. Kudyera limodzi mphindi 30 masiku 5 pa sabata ndi maola 2 ndi theka, ndipo 50 adzakwana pa sabata ya 20. Kuti maola 200 akwane m'semesita imodzi pamafunika maola 13 pa sabata, pafupifupi awiri tsiku lililonse. Choncho wophunzira amene pa sabata ya 6 akudandaula kuti alibe bwenzi lenileni nthawi zambiri alibe vuto lililonse, maola ndiwo sanakwane. Izi n'zofunika kuti zinenedwe momveka, chifukwa kusungulumwa kwa miyezi yoyamba kumapweteka kwambiri munthu akamaganiza kuti ndi iye yekha. Zithunzi za pa Instagram kapena WhatsApp zimawonjezera ululuwo. Anthu 8 akumwetulira pa chithunzi atha kukhala kuti anadziwana masiku 10 apitawo, ndipo ena mwa iwo akabwerera kuchipinda amapukwa kwawo ngati wina aliyense.

Masabata oyamba ali ndi mwayi wake wapadera. Aliyense ndi mlendo, choncho kufunsa munthu dzina ndi kosi yake sikudabwitsa. Pakatha mwezi anthu amakhala atapeza mipando yawo m'kalasi ndi matebulo awo odyera, ndipo kulowa m'kagulu kumafuna kulimba mtima pang'ono, ngakhale khomo silitsekeka. Kagulu koyambako nthawi zambiri kamakhala ka anthu amene munangokumana pamzere wolembetsa kapena pakhonde, ndipo si zachilendo kuti kachepe pofika chaka chachiwiri, aliyense atapeza ofanana naye zokonda.

Makalabu, timu za masewera, kwaya ndi magulu a mapemphero amagwira ntchito pa chifukwa chomwe chija cha masitepe a ku MIT: tsiku lake n'lodziwika, nkhope n'zomwezo, ndipo pali chochita, choncho munthu wamanyazi safunika kusakasaka nkhani. Kalabu imodzi yopitako sabata iliyonse imabala zambiri kuposa makalabu 5 opitako kamodzikamodzi. Wophunzira woyendera kuchokera kunyumba ndiye amamanidwa kwambiri kukumana kosakonzekera kumeneku, popeza kalasi ikatha amathamangira ulendo. Kwa iye, kusankha tsiku limodzi pa sabata lotsalira mpaka madzulo, malo amodzimodzi, kumalowa m'malo mwa khonde la hositelo.

Robin Dunbar, katswiri wa ku Oxford, amati munthu amatha kusunga maubale pafupifupi 150, oyalana m'magulu: apamtima ngati 5, mabwenzi abwino ngati 15, kenako 50, kenako onsewo. Malo a mkati ndi ochepa chifukwa amadya maola. N'chifukwa chake anzako a ku sekondale ena amatalikira popanda kukangana kulikonse. Koma a kunja aja nawonso ali ndi ntchito yawo. Mark Granovetter anaonetsa mu 1973 kuti nkhani zatsopano, monga za mwayi wa ntchito, zimabwera kwambiri kudzera mwa anthu ongodziwana nawo, chifukwa anzako apamtima amadziwa zomwe iwe ukudziwa kale. Pa yunivesite, amene amakuuza kuti kalasi yasamukira chipinda china kapena kuti kwatuluka malo ophunzirira ntchito nthawi zambiri ndi uja mumangopatsana moni.

Kodi macheza amadya maphunziro? Akhoza kutero, koma kusowa kwake nakonso kumadya. Vincent Tinto anafotokoza mu 1975 kuti kusiyira sukulu panjira kumayenderana ndi zinthu ziwiri: mmene wophunzira wakhazikikira m'maphunziro, ndi mmene wakhazikikira pakati pa anthu. Zimenezi zimaoneka m'tinthu ting'onoting'ono. Wokhala ndi mnzake m'kalasi akajomba kawiri amalandira uthenga wofunsa kuti ali kuti. Wopanda aliyense atha kusowa masabata atatu mu lekicha ya anthu 300 popanda wozindikira.

## Mnzako wa m'chipinda

Mikangano ya m'chipinda imachokera pa zinthu zinayi: nthawi yozimitsa getsi ndi phokoso, alendo, kubwerekana zinthu, ndi ukhondo. Siyamba ndi chachikulu. Chaja yatengedwa osapempha. Sopo akutha msanga. Alamu ikulira 5 koloko mwini wake osadzuka. Wolakwiridwa amangokhala chete poopa kuoneka wovuta, amasunga mumtima, ndipo tsiku limene adzalankhule adzatulutsa za miyezi iwiri nthawi imodzi, mnzakeyo n'kudabwa chifukwa sanauzidwepo kanthu.

Nthawi yabwino yokambirana zinthu zinayi zimenezi ndi sabata yoyamba, pamene palibe amene walakwa, chifukwa pamenepo ndi dongosolo chabe, palibe woimbidwa mlandu. Getsi lalikulu lizime nthawi yanji? Mlendo angakhale mpaka liti, ndipo angagone? N'chiyani chimene titha kugwiritsa ntchito osapempha? Akusesa ndani tsiku liti? Vuto likadzabwera, kulitchula limodzi lokha, pamaso, tsiku lomwelo, kumayenda bwino kuposa uthenga wautali wa pa foni wolembedwa mtima uli m'mwamba. Sikofunika kuti wa m'chipinda akhale bwenzi lapamtima. Anthu awiri olemekezana tulo ndi katundu amatha chaka bwinobwino.

## Ntchito ya pagulu

Max Ringelmann, katswiri wa zaulimi wa ku France, anayesa mphamvu za anthu pokoka chingwe, ndipo zotsatira zimene anasindikiza mu 1913 zinaonetsa kuti anthu 8 akamakoka limodzi aliyense amatulutsa pafupifupi theka la mphamvu imene amatulutsa ali yekha. Asayimenti ya pagulu imadwala matenda omwewa: gawo la munthu likakhala losaoneka, khama limatsika. Gulu limene pa msonkhano woyamba lalemba dzina pa gawo lililonse, laika tsiku lake lamkati masiku atatu tsiku lenileni lisanafike, ndiponso lasankha mmodzi wolumikiza zigawozo, silikhala ndi usiku uja umene munthu mmodzi amalemba zonse akutukwana mumtima.

## "Aliyense akuchita"

Mu 1993, Deborah Prentice ndi Dale Miller anafunsa ophunzira a pa yunivesite ya Princeton ku United States mafunso awiri: inu mumamasuka bwanji ndi mmene mowa umamwedwera pano, nanga wophunzira wamba amamasuka nazo bwanji? Ambiri anayankha kuti iwo eni sakumasuka kwenikweni, koma anzawo ndiwo akumasuka. Aliyense ankabisa nkhawa yake, n'kumaona kukhala chete kwa anzake ngati kuvomereza. M'kupita kwa semesita, anyamata anayamba kusunthira maganizo awo ku chimene ankaganiza kuti ndi cha onse.

Zomwezi zimachitika pa zibwenzi, pa zovala, pa foni yodula, ngakhale pa kuwerenga, pamene munthu amati sanawerenge kalikonse chonsecho wachezera. Oonekera ndi amene ali kuphwando, pamene otsala m'zipinda palibe wowajambula. Zoti munthu amwe kapena ayi, apite kapena atsale, n'zosankha zake. Chofunika n'chakuti posankhapo adziwe kuti chiwerengero cha "aliyense" chimene ali nacho m'mutu kawirikawiri n'chokokomeza.

Ndalama zimalowa pomwepa. Za ngongole ya maphunziro kapena zochokera kunyumba nthawi zambiri zimabwera zili mulu, pa nthawi yomwe macheza ali pachimake ndipo ntchito ya m'kalasi ndi yochepa. Njira yodziwika ndi kuchotseratu zolipira zosasintha, monga malo ogona, mayendedwe ndi intaneti, kupatula kagawo ka zadzidzidzi, ndipo zotsalazo kuzigawa ndi chiwerengero cha masabata kufikira tsiku limene zina zidzabwere, kuphatikizapo masabata a mayeso. Wodziwa ndalama zake za sabata amatha kuuza anzake kuti lero sindikwanitsa asanalowe m'ngongole, ndipo ngongole za pakati pa ophunzira zimapasula maubwenzi ambiri.

## Tulo

Munthu wa zaka 18 mpaka 25 amafunika tulo ta maola 7 mpaka 9. Koma pa msinkhu umenewu thupi limakonda kugona mochedwa. Till Roenneberg ndi anzake ku Munich anapeza mu 2004 kuti chizolowezi chogona ndi kudzuka mochedwa chimafika pachimake munthu ali ndi zaka pafupifupi 20, kenako n'kuyamba kubwerera. Choncho wophunzira amene tulo sitimubwerera 10 koloko usiku sikuti ndi ulesi wokha. Komabe kalasi ya 8 koloko m'mawa siisuntha, ndipo wogona 2 koloko m'kati mwa sabata n'kudzuka masana Loweruka ndi Lamlungu amasokoneza wotchi ya thupi kawiri sabata iliyonse.

Mtengo wake ndi wodziwika. Drew Dawson ndi Kathryn Reid ku Australia anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofooka ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo pa maola 24 amafanana ndi wa 0.10. Wochezera usiku wonse n'kulowa m'mayeso 8 koloko amalemba ali m'gulu limeneli. Tulo ndi nthawinso imene ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimabisa kutopa koma sizikuchotsa, ndipo theka la kafini, mankhwala ogalamutsa a m'zakumwazi, limakhala likadali m'thupi patapita maola pafupifupi 5. Kapu ya 6 koloko madzulo ikugwirabe ntchito 11 koloko usiku.

Chosavuta kugwira ndi nthawi yodzuka. Ikakhala yomweyo masiku onse, osasiyana kuposa ola limodzi ngakhale kumapeto kwa sabata, nthawi yogona imatsatira yokha. Kuwala kwa dzuwa m'mawa ndi kuyenda kumathandiza, ndipo mphindi 150 pa sabata zolimbitsa thupi zimene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa ndi mphindi 30 zokha masiku 5.

## Zinthu zikayamba kupendekeka

Kafukufuku wa Ronald Kessler ndi anzake wa mu 2005 ku United States anapeza kuti theka la matenda a maganizo limayamba pofika zaka 14, ndipo magawo atatu mwa anayi pofika zaka 24. Zaka za pa yunivesite zili m'kati mwenimweni mwa nyengo imeneyi. Kupukwa ndi kutopa kwa masabata oyamba n'kwachibadwa. Chodetsa nkhawa ndi kusintha kumene kwatha masabata awiri kapena kuposa: kujomba makalasi motsatizana, kusadya kapena kusagona, kudzitsekera m'chipinda, kusiya kuyankha mauthenga, kusiya zimene munthu ankakonda. Woyamba kuona zimenezi sakhala mphunzitsi kapena kholo, amakhala wa m'chipinda kapena wa benchi limodzi. Iye sakufunika kukhala dokotala. Kufunsa molunjika, kumvetsera, ndi kumuperekeza mnzakeyo kwa mlangizi kapena kuchipatala cha pa yunivesite ndi thandizo lalikulu. Munthu akatchula zodzipha, nkhaniyo siyosunga chinsinsi ndipo siyodikira mawa: asasiyidwe yekha, ndipo achipatala kapena oyang'anira adziwitsidwe nthawi yomweyo.

Kumbali ya maphunziro, mayunivesite ambiri ali ndi malamulo othandiza wodwala, woferedwa kapena wogweredwa vuto lina lalikulu: kuwonjezera masiku opereka asayimenti, kulemba mayeso nthawi ina, kapena kupuma semesita. Malamulowa amafuna zinthu ziwiri, umboni wolembedwa monga kalata ya dokotala, ndi kudziwitsa msanga, kawirikawiri tsiku la ntchitoyo lisanafike kapena m'masiku ochepa litangodutsa. Poyambira ndi mphunzitsi wa kosiyo, mlangizi wa zamaphunziro wa dipatimenti, kapena ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe pa imelo kuti pakhale chosonyeza. Wongosowa osanena kanthu amalembedwa kuti walephera makosi onse a semesitayo, pamene wopempha kupuma movomerezeka nthawi zambiri amasungiridwa malo ake n'kudzayambira pamene analekezera.